Masokosi a Chivomezi

Bambo amene anagona m'chitokosi tsiku limenelo analibe nkhope ya wakuba, koma Sajeni anali atakhalitsa mu upolisi moti ankadziwa kuti nkhope si mboni. M'mawa anawatulutsa n'kuwakhazika pa benchi. Anali nkhalamba yowonda, ya imvi mutu wonse, ndipo zala zawo sizinkadziwa kukhala chete. Zinkagogoda pabondo, pa benchi, pa chilichonse chimene zapeza. Tauni yonse inkawatchula kuti a Gubudu, chifukwa kuyambira unyamata wawo ankaimba ng'oma kumbuyo kwa a Chivomezi, katswiri wa gitala amene anaphunzitsa anthu kuvina nyimbo za roko.

Mlandu wawo unali woba Namondwe. Namondweyo anali ampulifaya, chibokosi chokuza mawu a gitala, chimene a Chivomezi anapanga ndi manja awo adakali mnyamata. Chinasowa dzulo lake masana m'shedi mwawo, pomwe Loweruka lotsatira mkuluyo ankayenera kuimba komaliza, kutsanzikana ndi anthu ake. Bwana wa pa siteshoni anali atalamula kale kuti dzuwa likamapendeka, nkhalamba ya ng'omayo ilembedwe mlandu ndipo mawa ikaonekere kukhoti.

"Madala, ndikufunseninso," anatero Sajeni. "Dzulo masana munalowa pageti pa a Chivomezi?"

"Ndinalowa."

"Kukatani?"

"Kukalowa basi. Geti ntchito yake n'kulowapo."

"Makiyi a kushedi muli nawo?"

"Ndili nawo. Ndinali nawo inu musanamere mano, mwanangu."

"Nanga Namondwe munatenga ndinu?"

Zala zija zinaima. A Gubudu anayang'ana khoma ngati pali cholembedwa. "Lembani zimene mukufuna kulemba. Ine pakamwa ndatseka."

Sajeni anali mayi wosachedwa kupsa mtima, ndipo akuba ambiri ankamudziwa ndi mbiri imeneyo. Koma apa mkwiyo unakana kubwera, m'malo mwake munangolowa chisoni. Ali kamtsikana, malemu mchimwene wake anamunyamulapo paphewa kunja kwa holo kuti asuzumire pawindo, ndipo anaona a Chivomezi ndi a Gubudu ali thukuta kamukamu, galasi la windo likunjenjemera pamphuno pake. Lero mmodzi wa iwo anali pa benchi yake, wopanda lamba ndi zingwe za nsapato.

"Mukudziwa kuti ndi msinkhu wanuwu mukhoza kukafera kundende?"

"Ng'oma inazolowera kumenyedwa," anayankha mkuluyo. Kenako, Sajeni atatsala pang'ono kutuluka, anamuitana ndi mawu otsika. "Mayi, tandiuzani chimodzi. Amene wanena kuti ndine wakuba ndi mwini wake, kapena mwana wake?"

"Ndikawafunsa."

"Kafunseni. Koma powafunsa muime kutsogolo kwawo, azikuonani pakamwa."

Atangonena zimenezo analuma mlomo, ngati munthu amene watayira mchere wambiri mumphika. Sajeni anafunsa chifukwa chake, koma zala zinali zitayambanso kugogoda.

* * *

Pageti pa a Chivomezi Sajeni anakumana ndi mwana wawo wamwamuna, bambo wa kamimba ndi mafoni awiri, amene aliyense ankamutchula kuti Manijala. Ndi iye ankayendetsa kafakitale ka banjalo, kopanga tibokosi timene oimba gitala amaponda ndi phazi kuti gitala ibangule. Tibokosito tinali ana a Namondwe, ndipo tinkagulidwa mpaka kunja.

"A Sajeni, nkhani iyi ndi yosavuta," anatero asanapereke ndi moni yemwe. "Loko sanathyole, ndiye kuti ndi wa makiyi. Makiyi ali ndi adadi, ine, ndi ankolo aja. Ine dzulo tsiku lonse ndinali ku fakitale, anyamata onse akhoza kuikira umboni. Adadi sangadzibere okha. Kwatsala ndani?"

"Munthu angabe bwanji chinthu chimene wakhala nacho moyo wake wonse?"

"Nsanje, mayi. Dzina linatchuka ndi la adadi, iwo anangotsala kumbuyo ndi timitengo tawo. Ndipo Lachiwiri pa pulakatisi ndinalipo ndekha. Anaponya ndodo pansi pakati pa nyimbo, n'kuloza Namondwe, amvekere, 'Chinthu ichi chidzakumaliza, tsiku lina ndidzakachitaya kudzala.' Adadi sanawayankhe n'komwe, anangopitiriza kuimba. Ulemu wa adadi ndi umenewo."

"Kunyumba kwawo anzanga anafufuza, sanapeze kanthu."

"Ndiye kuti anagulitsa kale. Alipo anthu akunja amene akhala akuchifuna chinthu chija kuti akachiike m'galasi, anthu azikachiona. Inu mungowapanikiza aulule. Matikiti a Loweruka anatha, ndipo adadi sangaime pa siteji popanda Namondwe. Sanayambe aimbirapo china."

Foni ina inalira, Manijala n'kulowa m'galimoto akuyankha. Sajeni sanamukonde, koma kusakonda munthu si umboni. Mawu ake anali olongosoka ndithu. Chimene chinamuvuta n'chakuti a Chivomezi amene iye ankawamvera mbiri, munthu woti anathyolapo gitala pamutu pa mwini holo, sakanalola kulozedwa chala pamaso pa anthu n'kungokhala duu.

* * *

Moyang'anana ndi getilo munali shopu ya telala, ndipo khoma lake lam'mbali linali pafupi ndi shedi ya a Chivomezi. Telalayo anali mayi wonenepa, wa tepi m'khosi ndi mapini pakamwa. Ndi iye amene anauza apolisi dzulo kuti anaona a Gubudu akulowa.

"Khalani apo, bwana, chotsani nsaluzo. Ine ndiye musandifunse za chibokosi chimenecho, ndingasangalale pamaso panu mundimange. Zaka zonsezi mapini amagwa okha pathebulo chikayamba kulira. Mwana wanga woyamba anabadwa tsiku lake lisanakwane chifukwa cha chimenecho, ngakhale adokotala amakana. Mkulu ujatu ndi munthu wabwino, mashini angawa amandikonzera ulere, koma phokoso lake, abale."

"Dzulo munamva chiyani?"

"Chitseko. Chitseko cha shedi ija chimalira ngati mbuzi yomangidwa, anakana kuthira oilo kalekale, akuti ndi alonda awo. Chinalira koyamba a Gubudu atangolowa. Nthawi imeneyo chibokosicho chinali choyatsa, chikungong'ung'udza chokha, paja akachiyatsa chimamveka m'khoma muno. Kenako chinangoti zii."

"Ndiye anatuluka nacho?"

"Ayi, dikirani. Kunakhala chete nthawi yaitali. Ndinapinda diresi iyi m'munsi monse, ndinaika zipi, ndinamwa tiyi. Ndinayamba kuganiza kuti mwina agona momwemo. Kenako chitseko chinaliranso, ndipo ndinamva kukhwekhwereza, kupuma, kukhwekhwerezanso. Penapake chinachake chinagunda pakhoma, ine mpaka ndinadzibaya ndi singano."

"Anachikweza pa chiyani? Galimoto? Wilibala?"

Telala analavulira mapini m'dzanja. "Galimoto iti? A Gubudu anatuluka pageti paja chimanjamanja, atagwira msana ngati mayi woyembekezera. Analibe ngakhale jumbo."

"Bwanji simunawauze anzanga zimenezi?"

"Anandifunsa ngati ndinawaona akulowa. Za kutuluka sanafunse, ndipo ine apolisi sindiwapatsa chimene sanapemphe."

Sajeni anaima pakhomo la shopuyo n'kuyang'ana mpanda wa a Chivomezi. Unali wautali, wa magalasi osweka pamwamba, ndipo geti linali limodzi. Kutsutsa galu n'kukumba. Ngati telala ankanena zoona, Namondwe anali asanatuluke pabwalo limenelo.

* * *

Atakankha chitseko cha shedi, chinaliradi mokweza moti galu wa nyumba yoyandikana anayamba kuuwa. A Chivomezi anali pa benchi yawo ya ntchito, atapereka msana kukhomo, akuwotcherera timawaya pa kabokosi. Sanatembenuke. Pashelefu panali kachipangizo kena kamene kankaliza mluzu wopyapyala, wolasa m'mano, koma mkuluyo ankagwira ntchito yake mwamtendere.

"Odi, bambo."

Sanayankhe. Sajeni anayamba waganiza kuti ndi matama a anthu otchuka, kenako anakumbukira mawu a a Gubudu. Anazungulira mulu wa masipika n'kukaima kutsogolo kwawo. Mkuluyo anadzidzimuka mpaka chowotcherera chinagwa m'manja.

"Mwalowa mwakachetechete bwanji, mayi," anatero ndi mawu okweza, oyenera munthu amene ali kutsidya kwa msewu. Anali wamtali, wa tsitsi loyera lofika m'mapewa, jekete lachikopa lothetheka m'zigongono. "Ndinu a polisi? Bwerani muone pamene ankakhala."

Pakona panali malo opanda fumbi, pansi pataderako. Mkuluyo anagwada n'kusisita simenti.

"Ndinayamba ndi kukonza mawayilesi, ine. Sukulu ya zamagetsi sindinapiteko. Nyumba ya kanema itapsa, ndinatola zotsala m'phulusa, n'kuziika m'bokosi la kabati ya amayi anga. Tsiku loyamba ndinalumikiza waya wina molakwika, gitala m'malo molira inabangula. Wina aliyense akanakonza cholakwikacho. Ine ndinakhala pansi n'kuchiphunzira mpaka ndinadziwa chifukwa chake. Maholo atatu anatiletsa kuimbamo chifukwa cha mawindo. Tibokosi tonse timene mwana wanga akugulitsa timangotsanzira. Mawu enieni ali mwa Namondwe."

Sajeni ankamvetsera, koma maso ake ankayenda. Waya wamagetsi wa Namondwe sanapite ndi mwini wake. Anali pamsomali, wokulungidwa bwinobwino, nsonga yake itapisidwa mkati. Pafupi ndi malo opanda fumbiwo panali mipando iwiri, yoyang'ana kumene kunali chibokosicho.

"Mipando iyi imakhala pano?"

"Ayi, imakhala uko. Mwina anzanu dzulo."

"Bambo, munasiya Namondwe ali woyatsa. Wakuba akanangozula waya n'kunyamula, si choncho?"

Mkuluyo anaseka koyamba. "Akanamupha. M'kati mwake muli mababu agalasi, a mtundu umene anasiya kupanga. Akatentha sagwedezedwa. Umazimitsa, umakhala pansi, umadikira azizire. Ukatero umawazula limodzilimodzi, n'kuwakulunga, ndiye unyamule bokosi. Lamulo limenelo aliyense wa gulu langa ankalidziwa kuposa dzina la agogo ake."

"A Gubudu amatha kuwazula?"

"Ameneyo? Manja ake ndi nyundo. Sindinamulolepo kukhudza babu ngakhale limodzi. Masiku a maulendo, tikamayenda pa lole, mababu ankawasamala ndi mayi a ana. Mmene ankawakulungira ankadziwa okha, ine ndinkangowapeza ali bwinobwino tikafika."

"Nanga inu dzulo masana munali kuti?"

"Ndinamuyatsa kuti atenthe, ndinapita kukadya, tulo tinandiba. Chipinda changa ndi icho, windo lake layang'ana chitseko ichi. N'chifukwa chake nkhaniyi ikundizunguza mutu. Chitseko chimenechi chikanalira, ndikanamva. Makutu awa, mayi, amamva waya wothothoka ali m'thumba la munthu."

Ananena zimenezi akuyang'ana Sajeni pakamwa, ndipo kachipangizo kaja kankalizabe mluzu pamwamba pa mutu wawo. Atawerama kuti atole chowotcherera, buluku linakwera, Sajeni n'kuona akakolo ali pamtunda m'nsapato zachikopa.

"Simuvala masokosi, bambo?" anafunsa mkuluyo atadzuka.

"Musandikumbutse. M'mawa uno dirowa yonse mbee. Nyumba ino yalowa akuba mpaka a masokosi." Kenako nkhope inagwa. "Tandiuzani, Gubudu akuti chiyani? Mwana wanga ndi amene akuti ndi iye. Ine ndikudikira kuti akane. Wakana?"

"Sanakane."

A Chivomezi anatembenuka n'kutsamira pa benchi ndi manja onse awiri. Mapewa awo ankaoneka aakulu m'jekete, koma khosi linali la nkhalamba. Sajeni anaima kumbuyo kwawo, pafupi moti akanatha kuwagwira, n'kunena ndi mawu a masiku onse.

"Malemu mchimwene wanga ankakukondani kwambiri, bambo."

Mkuluyo sanagwedezeke ngakhale pang'ono. Sajeni anatambasula dzanja, anazimitsa kachipangizo kaja, n'kutuluka kulowera kunyumba yaikulu.

* * *

Mayi a m'nyumbamo, mkazi wa a Chivomezi, Sajeni anawapeza m'kachipinda kakumbuyo, kosungiramo zochapa, akusita shati yoyera. Anali mayi wamng'ono thupi, wa magalasi, ndipo maso awo anali otupa. Ankasitira pa thebulo lalifupi kwambiri, lofunditsidwa bulangeti mpaka pansi, moti ankachita kuwerama. Thebulo lenileni lositira linali litatsamira kukhoma, lopinda. Pampando panali basiketi yodzaza masokosi achimuna, opindidwa mozungulira.

"Mayi, thebulo limenelo silikupwetekani msana?"

"Ndazolowera."

"Dzulo masana munali kuti?"

"Muno."

"Simunamve chitseko cha shedi?"

"Ndinali ndi wailesi."

M'chipindamo munalibe wailesi. Sajeni anasuntha ngati akufuna pokhala, n'kugwira basiketi ija kuti aiike pansi. Mayiwo anasiya simbi pa shati.

"Pang'onopang'ono, mwanangu."

Anali mawu a munthu amene waona mwana akunyamula khanda molakwika. Sajeni anatola sokosi imodzi. Inali yolemera, ndipo m'kati mwake munali chinthu cholimba, chosalala. Anaifunyulula mosamala, m'dzanja mwake n'kutsala babu lagalasi, la timiyendo tachitsulo.

Fungo la nsalu yopserera linadzaza chipinda. Mayiwo anachotsa simbi, anaizimitsa, n'kukhala pansi pamphepete pa thebulo lawo lija. Anakweza ngodya ya bulangeti. Pansi pake panali chigwiriro chachikopa ndi thabwa lakale la kabati.

"Muno abambo salowamo," anatero. "Chikwatirane sanasitepo ngakhale mpango. Ndinadziwa kuti angafufuze tauni yonse, koma muno ayi."

"Chifukwa chiyani, mayi?"

Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi chitenje. Poyamba mawu ankatuluka movuta, kenako anayamba kuyenda okha.

"Khutu lawo lakumanzere linafa kale. Lakumanja latsala pang'ono. Tinapita limodzi kuchipatala, adokotala anawauza pamaso panga kuti akadzaimanso kutsogolo kwa chinthu ichi usiku wonse, adzatsika pa siteji osamvanso kanthu mpaka imfa. Potuluka anandigwira dzanja, akuti ndilumbire kuti sindidzauza munthu, ngakhale ana. Akuti munthu amene anapanga Namondwe sangadziwike kuti ndi gonthi, ndani adzagulenso tibokosi take. Ndinalumbira. Ndinawachonderera kuti asaimbe Loweruka, anandiuza kuti bola kufa. Paja amati ng'oma yolira sikhalira kusweka, koma kauzeni ng'omayo."

"Ndiye munauza a Gubudu."

"Sindinawauze. Anabwera okha Lachitatu kukhitchini, akuti, 'Alamu, musandibisire, munthuyu samva.' Ine ndinangolira. Tinapangana kuti tichibise mpaka Loweruka lidutse, kenako tichibweze. Alamu ananyamula cholemera, ine mababu. Tinakhala m'shedi muja kudikira azizire, ngati anthu ali pamaliro. Podutsa pawindo la chipinda chawo tinagunditsa bokosi kukhoma, ine mtima unasiya kugunda. Iwo ali mkonono." Anapukuta m'maso. "Sitinaganize kuti mwana athamangira ku polisi. Apolisi akuwatenga alamu, ndinafuna kukuwa, koma anandiyang'ana n'kupukusa mutu. Usiku wonse ndakhala pampando uwu. Ndikaulula, ndaphwanya lumbiro ndipo ndamuvula mwamuna wanga pagulu. Ndikakhala chete, munthu wosalakwa akupita kundende. Inu mukanatani?"

Sajeni anayang'ana babu limene linali m'dzanja lake. Anamva chifundo chachikulu pa mayiyo, komanso kaukali pang'ono pa amuna onse amene amasenzetsa akazi awo zinsinsi zolemera kuposa ampulifaya. Anatsegula pakamwa kuti alankhule, koma kuwala kwa pakhomo kunatsekeka.

"Mayi a ana, kodi masokosi anga..."

A Chivomezi anaima pakhomo la chipinda chimene anali asanalowemo. Maso awo anachoka pa babu limene linali m'dzanja la Sajeni, anapita pa basiketi, n'kukathera pa chigwiriro chachikopa.

* * *

Kenako mayiwo anaimirira, anapita kukaima kutsogolo kwa mwamuna wawo, anakweza nkhope kuti milomo ioneke, n'kulankhula pang'onopang'ono.

"Ndine ndinatenga, abambo. Ine ndi alamu."

"Unalumbira." Mawuwo anatuluka otsika koyamba.

"Sindinauze munthu. Anadziwa okha."

"Wabodza. Palibe akudziwa. Ndakhala ndikuimba bwinobwino."

"Mwakhala mukuimba mukuyang'ana phazi la alamu, abambo. Iwo akhala akuponda mokweza dala kuti muzilionera patali. Lachiwiri anakukalipirani pamaso pa gulu lonse, inu simunamve, munali mutatembenuka."

Mkuluyo anagwira felemu ya chitseko. Sajeni anaganiza kuti akalipa, ndipo anakonzeka kuima pakati pawo. Koma a Chivomezi anangolowa, anagwada pamaso pa Namondwe, anachotsa bulangeti lonse n'kuika chikhatho pa thabwa. Kenako anatola sokosi imodzi mu basiketi, anaipapasa, n'kuzindikira chimene chinali m'kati.

"Zaka zonse zija pa lole, unkawaika m'masokosi anga?"

"Munkaganiza kuti ankasowa chifukwa chiyani tikakhala paulendo?"

Anaseka kamodzi, kuseka kosweka, kenako misozi inayamba kutsika m'ndevu. Sajeni anawapatsa nthawi, koma dzuwa linali litayamba kale kupendeka. Anagwada nayenso kuti nkhope zawo zilingane.

"Bambo, mundimve bwino. Ine ndikhoza kukanena kuti katundu wapezeka. Koma mwana wanu ndi amene anadandaula, ndipo a Gubudu sanakane mlandu. Abwana anga adzati anabisa kuti adzagulitse. Kuti atuluke lero, mwini katundu ayenera kukanena yekha kuti panalibe kuba, ndipo adzakufunsani chifukwa chake. Chinsinsicho ndi chanu. Ine sindikachitulutsa, ndipo mnzanuyo mukumudziwa, adzafera nacho kundende."

A Chivomezi anayang'ana milomo ya Sajeni mpaka anamaliza. Kenako anayang'ana akakolo awo.

"Mayi a ana, tulutsamoni mababu awiri. Sindingapite ku polisi opanda masokosi."

* * *

Pa siteshoni anapeza Manijala ali pa kauntala, akufunsa abwana chifukwa chimene mlandu ukuchedwera. Pa benchi panali anthu odikira, ena odzadandaula za njinga, ena odzaona abale awo. Ataona tsitsi loyera lija, onse anayamba kunong'onezana. Wapolisi wina wachikulire anaimirira osadziwa kuti waimirira.

"Adadi, mwabweranso kudzatani? Ndikukonza ndine zimenezi."

A Chivomezi sanamuyang'ane. Anapita kwa bwana wa pa siteshoni, ndipo popeza sankadziwanso kukula kwa mawu awo, chimene ananena chinamveka mpaka panja.

"Bwana, palibe wakuba. Katundu ali kunyumba kwanga. Mkazi wanga ndi m'bale wanga Gubudu anandibisira kuti ndisaimbe Loweruka, chifukwa makutu anga afa. Limodzi linatha, linalo adokotala akuti ndikaimbanso litha. Ndine gonthi, bwana. Lembani choncho, ndipo mumutulutse."

Manijala anatsegula pakamwa, foni ikulira m'dzanja lake osaiyankha.

"Adadi, chiyambire liti? Bwanji osandiuza?"

Ananena ali kumbali yakumanzere, ndipo bambo ake sanatembenuke. Apa ndi pamene anamvetsa. Anazimitsa foni, anaiika m'thumba, n'kukhala pansi pa benchi pakati pa anthu a njinga aja.

Sajeni anakatenga yekha a Gubudu. Anawabwezera lamba ndi zingwe za nsapato, ndipo mkuluyo anatuluka atagwira buluku ndi dzanja limodzi. Ataona mnzawo anaima. Nkhalamba ziwirizo zinayang'anana.

"Achimwene," anatero a Chivomezi, "ndakugoneka pa simenti. Ndakulakwira."

A Gubudu anang'ung'udza kanthu atazolika, akulimbana ndi lamba.

"Dzutsa mutu, iwe. Sindikumva."

A Gubudu anadzutsa mutu. Maso awo anali ofiira. "Ndati tinagonapo malo oipa kuposa amenewa, chifukwa cha iwe yemweyo. Nanga Loweruka?"

"Loweruka ndikaima pa siteji, ndikawauza anthu zimene ndanena panozi. Gitala akaimba wina."

"Ndi Namondwe?"

"Ndi Namondwe. Ine ndikakhala kunja kwa holo, ndikagwira khoma."

Sajeni anawaperekeza mpaka pakhomo. Ankafuna kubwerezanso mawu aja a mchimwene wake, tsopano ataima kutsogolo, koma anaona kuti si nthawi yake. Potsika masitepe, a Gubudu anazungulira kumbuyo kwa mnzawo n'kukayenda kudzanja lamanja, kumene kunali khutu lotsala. Anachita zimenezo osaganizira, ngati munthu amene wakhala akutero nthawi yaitali.

"Unadziwa liti?" mawu a a Chivomezi anamveka bwalo lonse.

A Gubudu anasendeza pakamwa pafupi ndi khutu lija. "Tsiku limene unasiya kundikalipira kuti ndikuthamangitsa nyimbo."

Anayenda pang'ono kulowera kumsewu.

"Ndiye ukuthamangitsabe?"

"Kwambiri, achimwene. Ndinalibe wondiletsa."